Lupsa Limene Ndinatenthera Mbawala za Patarau

Amalume a Bonifasiyo ndiwo anandiphunzitsa kuti nyama imaona ndi mphuno. Ndinali ndidakali mwana wophunzira pa sikola ya kufupi ndi Fonte Boa pamene anayamba kunditenga kutchire miyezi youma udzu. Ankatapa kafumbi pansi n'kukasiya kagwe pakati pa zala kuti aone kolowera mphepo. Akatero ankandituma kukayatsa mbali imene mphepo ikuchokera, iwo n'kukaima kumene utsi ukupita, chibonga chili m'manja.

"Utsi umatseka gwape mphuno," ankatero. "Mphuno ikatsekeka, gwape wasanduka mbuzi. Amabwera yekha."

Anandiuzanso china, ndipo anachibwereza kangapo chifukwa ankadziwa kuti ndine wamantha. "Moto ukakutembenukira usathamange, sungaupose liwiro. Yatsa wako pomwe waimapo, udikire papse, ulowe pakudapo. Waukuluwo ukafika supeza chodya."

Zimenezi ndinapita nazo ku Portugal osadziwa kuti ndazinyamula.

Ulendowo unabwera chifukwa cha mbatatesi. Nditalekeza sikola ndinkasenza matumba pamsika wa ku Ulongwe kwa mzungu wina wogula mbatatesi. Anandikonda chifukwa sindinkayankha akakalipa, ndiponso thumba likachepa ndinkanena. Tsiku lina anandifunsa ngati ndingakagwire ntchito kwa mkulu wake, amene anali ndi tchire lake lake kwawoko. Sindinamvetse kuti munthu angakhale bwanji ndi tchire lake, koma ndinati inde. Ine nthawi imeneyo aliyense wondifunsa kanthu ndinkati inde. Madokumentu a ulendo anatenga nthawi yaitali. Atatuluka, amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, amalume anandikweza pa njinga kukafika pokwerera shapa, minibasi ya ku Tete. Mlongo wanga wamng'ono anali atangopambana mayeso olowera sekondale ya ku Ulongwe, ndipo aliyense pamudzi ankadziwa kuti kuphunzira kwake kwakwera shapa limodzi ndi ine.

Tchirelo linali la mapiri, lozunguliridwa ndi mpanda wa waya wotalika kuposa munthu. Kuzungulira mpandawo wapansi kunkatha tsiku lathunthu. M'kati munali mitengo ya paini, bulugamu, ndi ina imene amaisenda makungwa n'kupangira zotsekera mabotolo. Munalinso nyama zimene eni ake amati veyadu. Kwathu kulibe. Msinkhu wake ngati thole la ng'ombe, ubweya wofiirira, ndipo mphongo zake zimamera nyanga zanthambi ngati mtengo wouma. Ine ndinkangoti mbawala, ndipo pano ndizitchula choncho.

Patarau, mwini tchire, ankakhala mumzinda, tinkamumva pa telefoni basi. Wotiyang'anira anali Sinyoro Tome, nkhalamba youma ngati nkhuni, imene inakhalapo msilikali ku Ulongwe nthawi imene azungu ankati Vila Coutinho. Dzina langa linawavuta, ndiye ankangonditchula kuti Angoniya, dzina la dera la kwathu. M'chinenero chathu ankakumbukira mawu atatu: moto, madzi, nkhuku.

"Nkhukuyo anaidziwa chifukwa ankaba," anandinong'oneza Shiku tsiku loyamba lomwelo.

Shiku anali wa ku Moatize, wamkulu kwa ine moti ndinkamuitana kuti manu, ndiye kuti achimwene, ndipo ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zitatu. Ankasakaniza Chinyungwe, Chinyanja ndi Chipwitikizi m'mpweya umodzi, ndipo ine ankandinena kuti mwana wa apadiri, ansembe aja, chifukwa ndinkapemphera ndisanadye. Ndiye anandiphunzitsa kuvala masokosi awiri nyengo yozizira, ndiponso kuti nsomba yawo youma ija amayamba aiviika m'madzi tsiku lonse, apo ayi lilime limasupuka ndi mchere.

Lamulo linali limodzi. A Tome anandiimika padzuwa, nanena pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi gonthi.

"Angoniya, kuno moto ayi. Fodya ayi, machesi ayi. Miyezi yotentha ukayatsa ngakhale kapepala kutchire kuno, apolisi akutenga. Kontaratu ya ntchito yatha, dokumentu yatha, ubwerera kwanu wopanda ngakhale nsapato. Wamva?"

"Ndamva, Sinyoro Tome."

Shiku ankasuta. M'mawa uliwonse a Tome ankamupisa m'matumba, koma ine sankandipisa. Shiku atazindikira zimenezi anayamba kusungiza bokosi lake la machesi m'thumba la malaya anga. Ndinayesa kukana.

"Manu Shiku, akandipeza nawo?"

"Ndani angapise mwana wa apadiri? Iwe ngakhale utaba belu la tchalitchi anthu anganene kuti ukukalitsuka."

Ndinangoseka, machesi n'kukhala m'thumba mwanga.

Ntchito yake inali yodabwitsa kuyambira tsiku loyamba. Tinkanyamula matumba a chimanga pa thalakitala kukathirira nyama zakutchire. Chimanga chabwinobwino, choti amayi akanachipeta n'kupita nacho kuchigayo! Tinkadzaza madzi m'zomwera za simenti, kusoka mpanda pamene nguluwe zaboola. Tsiku lina ndinapeza nyanga yathunthu ili pansi pa mtengo. Ndinathamanga nayo mtima uli m'mwamba kukanena kuti akuba apha nyama. A Tome anaseka mpaka kutsokomola. Akuti nyangazo zimagwa zokha chaka chilichonse n'kumeranso zina. Amalume nditawauza pa telefoni anati ndayamba kumwa.

Alenje ankabwera mwezi umene mphongo zimabangula. Nyengo yotentha ikamatha, mphongo iliyonse imaima paphiri pake n'kumabangula ngati ng'ombe yolumidwa ndi njoka, kuitana zazikazi ndi kuopseza zinzake. A Tome ankamvetsera kumene kukuchokera mawuwo, n'kutenga mlendo mmodzi kukaiwenda. Anali ndi kabotolo ka ufa woyera m'thumba. Ankakafinya, ufa n'kuuluka, iwo n'kuona kolowera mphepo. Nditaona zimenezi koyamba ndinangoti kukamwa yasa: kafumbi ka amalume kaja, koma ka m'botolo. Mbawalazo zinali ndi mphuno yoopsa. Mphepo ikangotembenuka pang'ono, mphongo imene ili tsidya la chigwa inkadzutsa mutu, n'kuzimiririka. Mlendo akapha, ife tinkasenza. Iye ankatenga mutu ndi nyanga zake kukapachika pakhoma, nyama n'kupita pa galimoto ya wogula. Zimenezo sindinazizolowere mpaka lero.

Panali mphongo imodzi imene tinkaitcha Mdala. Nyanga zake zinali ndi nthambi zambiri kuposa zonse, khosi lakuda, ndipo alendo atatu anaiwenda zaka zosiyana osaiona bwino n'komwe. Chaka changa chachitatu patarau anailonjeza kwa dotolo wina wa mumzinda. Chaka chomwecho kontaratu yanga inali kutha, ndipo patarau anati adzasaina ina ulenje ukapita bwino.

Utsi unafika kutatsala masiku anayi kuti dotoloyo abwere.

Moto wake unali kutali, kuseri kwa mapiri awiri, sitinkauona. Tinangodzuka dzuwa lili lofiira ngati phwetekere, loti n'kuliyang'ana osaphethira. Phiri la kutsogolo kwa nyumba linasowa. Zovala zimene ndinayanika zinadzaza phulusa, ndipo kumwamba kunkagwa timakungwa ta bulugamu takuda ngati masamba. Kwathu utsi wa tchire umakuta m'mawa, masana n'kuchoka. Uwu unakhala. Unalowa m'madzi akumwa, m'buledi, m'malovu.

Tsiku lachiwiri mphongo zinasiya kubangula. Mapiri onse anangoti zii, pakati pa mwezi wake weniweni. A Tome anaima pakhomo dzanja lili kukhutu, nthawi yaitali, kenaka anatukwana.

Tsiku lachitatu ndinapita kukadzaza madzi dzuwa lili pamutu, nthawi imene mbawala sizioneka. Ndinapeza zazikazi zisanu zili pa chomwera. Mphepo inali kumsana kwanga, kupita kwa izo. Masiku onse zikanathawa thalakitala isanazime. Ndinatsika, ndinayenda, ndinafika poti ndikanatha kuponya chipewa n'kugunda ina. Zinangondiyang'ana. Maso ali misozi chuchuchu, mizere yakuda kutsika m'masaya, pakamwa pali pululu ngati galu. Ina inatsokomola. Sindinkadziwa kuti nyama yakutchire imatsokomola ngati munthu. Ndinamva mawu a amalume ngati ali pambali panga.

Agalu awiri a a Tome, amene ankatsata magazi a nyama yolasidwa, ankangoyetsemula n'kubisa mphuno m'miyendo. A Tome anaimbira patarau kuti ulenje uime. Ndinamva mawu a patarau akutuluka m'telefoni: dotolo watenga kale tchuthi, moto uli kutali, boma silinaletse ulenje m'dera lathu. Dotolo anabwera, wonenepa bwino, waulemu, atavala kansalu koyera kotseka pakamwa ndi mphuno.

Anayenda ndi a Tome tsiku lonse, ine ndili pambuyo ndi chikwama ndi madzi. Paphiri la Mdala panalibe kanthu. Pothirira chimanga, chimanga chili momwemo. Popanda kubangula kwa mphongo, a Tome anali ngati munthu wofufuza singano m'udzu atatseka maso. Dotolo anayamba kuyang'ana wotchi. M'mawa mwake zinali chimodzimodzi, ndipo ndinaona khosi la a Tome likufiira ndi manyazi.

Ndinadziletsa nthawi yaitali. Ine pamaso pa alendo sindinkalankhula. Koma ndinkafuna kuti nkhalamba ija isachite manyazi, ndinkafunanso kuti patarau amve kuti Angoniya anathandiza.

"Sinyoro Tome," ndinatero, "kwathu utsi ukachuluka nyama zimatsikira kukhwawa. Pansi penipeni, pamene pali chinyontho. Zimaika mphuno pafupi ndi matope."

Anandiyang'ana ngati thalakitala yalankhula. "Khwawa liti?"

"La kumunsi, lothera pampanda."

Tinatsika. Khwawalo linali lakuya, madzi ataphwa, kutangotsala matope ndi tizithaphwi. Titasuzumira pagombe, dotolo anagwira mkono wa a Tome. Zinali mmenemo, zodzaza ngati ng'ombe m'khola: zazikazi, ana, mphongo zimene masiku onse zikanabayana zili phewa ndi phewa, mitu pansi. Pakati pake panali Mdala. Tinali pafupi moti ndinkaona ntchentche pa diso lake. Mphepo inali kutipereka kwa izo. Palibe inadzutsa mutu.

Dotolo anagwada, anaika mfuti paphewa. Anapukuta maso, analozanso. Mdala anatembenuka pang'onopang'ono, natiyang'ana, mamina akuda akulendewera kumphuno. Pamenepo a Tome anaika dzanja pa mfuti n'kuitsitsa.

"Ayi, adotolo. Uku si kusaka."

"Ndayenda masiku awiri mu utsi uno!"

"Nyamayi sikukumvani fungo, sikukuonani bwino. Mukafuna zotere ndikutengereni kukhola la nkhosa."

Ndine ndinawabweretsa, ndipo sindinadziwe ngati ndachita bwino kapena ndalakwa. Akukanganabe monong'ona, china chake chinandiluma pakhosi. Ndinapukuta: kakhungwa ka bulugamu, kofiira, kamoto. A Tome anatulutsa kabotolo kawo n'kufinya. Ufa umene unkapita kutsogolo unabwerera n'kuwathira kumaso. Anafinyanso. Unathamangira mbali ina, mwamphamvu.

"Moto," anatero m'chinenero chathu, ndipo nkhope yawo inasintha. Anaimbira Shiku kuti athire madzi kuzungulira nyumba. Anakoka dotolo kupita kugalimoto. Ine anandiuza kuti: "Thamanga ukatsekule chipata cha kumunsi kuti nyama zituluke. Ukatero uime pamsewu, ndikupeza pomwepo. Osapita kwina!"

Ndinatsekula chipata, mbali zonse ziwiri. Kumtunda kunayamba kumveka mkokomo ngati malole ambiri akukwera chitunda cha ku Kalomwe. Mbawala zingapo zinatuluka m'khwawa zikuthamanga motsata mpanda. Zinafika pachipata chotsekula, zinadutsa osachiona, zinakhotanso n'kubwerera kukhwawa komwe kuja. Mphuno imene ikanaziuza kumene kuli moto ndi kumene kuli mpweya inali itafa. Zinkangodziwa mpanda umene zinabadwiramo.

Anandiuza kuti ndisapite kwina. Koma ndinaganiza kuti ndikazikuwiza kumbuyo zituluka, ndipo khwawa linali pafupi. Ndinatsikira mmenemo, ndinakuwa, ndinaomba m'manja, ndinamenya ina pamsana ndi chipewa. Zinangothinana kupita kumpanda, kumene khwawa limathera pa waya. Nditakwera pagombe kuti ndibwerere, msewu unali utasowa. Mitengo ya bulugamu ya m'mbali mwake inali kuyaka kuyambira kunsonga, moto ukudumpha mtengo ndi mtengo m'mwamba, osagunda pansi. Moto wotere sindinauonepo. Wa kwathu umayenda pansi ngati nyama. Uwu unkauluka.

Magombe onse awiri a khwawa anali udzu wouma wofika m'chifuwa. Ndinaona kuti moto ukafika pamenepo, khwawa lisanduka uvuni, ine ndi nyama tili m'kati. Miyendo inkafuna kuthamanga. Dzanja linapita lokha m'thumba la malaya.

Kunena zoona, mawu a a Tome ndinawakumbukira. Koma a amalume anali akale kuposa awo.

Kamtengo koyamba kanathyoka. Kachiwiri mphepo inazima. Kachitatu kanagwira. Ndinayatsa gombe la kumene mphepo inkapita, moto n'kuthamanga kutisiya, kudutsa pansi pa waya. Ndinawoloka, ndinayatsa gombe linalo m'mphepete mwenimweni, pang'onopang'ono, kuti moto uzikwawa kulimbana ndi mphepo. Ndinathyola nthambi yaiwisi n'kumapuntha uliwonse wofuna kutsikira kwa nyama. Ndinagwira ntchito imeneyo bwino, monga anandiphunzitsira. Kumwamba kunadutsa helikopita yonyamula madzi, pansi kwambiri. Ndinaikweza dzanja.

Moto waukulu utafika unapeza lupsa mbali zonse. Ndinadziponya m'matope, ndinanyowetsa malaya n'kuphimba kumaso. Kutentha kwake kunali ngati munthu akukusita pamsana. Mkokomo unatseka makutu. Ziboda zinkandiponda m'miyendo, ndipo nthiti za nyama ina zinali pa phewa langa, zikukwera ndi kutsika mofulumira. Nditasuzumira ndinaona khosi lakuda lija. Mdala, amene alenje atatu analephera kumuyandikira, anali atanditsamira ngati mwana wodwala.

Moto unatizungulira n'kupitirira. Nditaimirira, dziko lonse linali lakuda, zitsa zikufuka. Mbawala zinayamba kukwera pagombe imodziimodzi, zikunyamula miyendo chifukwa phulusa linali lotentha. Ziwiri zazing'ono sizinadzuke. Zina zonse zinali zamoyo. Kumtunda, m'mphepete mwa mpanda, ndinadzaona pambuyo pake zimene sizinafike kukhwawa. Za izo sindifuna kulemba.

Anandipeza ozimitsa moto, a Tome ndi Shiku ali nawo. Shiku anandikumbatira akulira n'kumanditukwana. A Tome anayang'ana nyama, anayang'ana magombe, anandiyang'ana ine. Anandipatsa madzi. Ndinkaganiza mumtima kuti patarau akamva zimenezi asaina kontaratu tsiku lomwelo.

Titafika pamsewu waukulu panali anthu a m'mudzi woyandikana nafe, ndi apolisi awiri. Wa m'helikopita anali atanena kuti waona munthu wakuda akuyatsa udzu. Wapolisi wamkulu anandifunsa mwaulemu ndithu ngati ndinaona wina aliyense kumeneko.

Shiku anandiponda phazi. "Khala chete, iwe," anatero m'Chinyanja, mano ali pamodzi. "Sunaone kanthu."

Koma ine wamkulu akandifunsa ndimayankha. Ndiponso sindinkaona cholakwa.

"Ndine ndinayatsa, bwana," ndinatero m'Chipwitikizi changa cha ku sikola. "Mbali zonse ziwiri. Machesi ake ndi awa."

Ndinawatulutsa n'kuwapereka ndi manja awiri.

Phokoso linabuka pakati pa anthu aja. Bambo wina anandilumphira, apolisi n'kumugwira. Mayi wina wachikulire wovala zakuda anafika pafupi, anandiyang'ana m'maso, nandilavulira pachifuwa. Ndinadzamva pambuyo kuti moto wanga umene unadutsa pansi pa waya unakatentha ming'oma yake ya njuchi. Unyolo utatsekeka m'manja mwanga ndinayang'ana a Tome kuti afotokoze. Ndinkayembekezabe kuti wina aseka, anene kuti pali kusamvana. Kwathu munthu amene watchinga moto ndi moto amamuphikira thobwa.

Ndinakhala m'chitolokosi masiku awiri. Chipindacho chinali choyera kuposa chathu. Ndinkaganiza za mlongo wanga, yunifolomu yake, ndi mmene amayi akamvere kuti mwana wawo wamangidwa chifukwa chotentha dziko la eni.

Tsiku lachitatu anandilowetsa mu ofesi. Munali a Tome atavala jekete, chipewa chili pabondo. Anali atatenga akuluakulu a ozimitsa moto kukawaonetsa khwawa lija. Iwo anapeza kuti moto waukulu unayamba kutali masiku ambiri ine ndisanagwire machesi, ndipo ming'oma ya mayi uja ikanapsabe ola lomwelo.

"Bambo anga ankachita zomwezi ndili mwana," a Tome anauza wapolisi. "Anthu onse a m'mapiri muno ankadziwa. Lero mwaiwala, ndiye mukumanga mwana amene akukumbukira."

"Lamulo ndi lamulo, Sinyoro Tome. Moto wotchinga amayatsa ndi ozimitsa moto okha, atalamulidwa."

"Akanadikira kulamulidwa mukanamutola ndi fosholo."

Ananditulutsa. Mlandu sunapite patali. Koma m'mudzi muja nkhani inali itayenda kale, ndipo inayenda yopanda khwawa, yopanda mbawala: wakuda wa kwa patarau anapezeka ndi machesi. Wogulitsa buledi anasiya kundiyankha moni. Galimoto ya a Tome inaphwanyidwa galasi. Patarau anabwera yekha, koyamba kumuona pafupi. Anandigwira chanza, anati zikomo chifukwa cha nyama, makamaka Mdala. Kenaka anayang'ana pansi nati anthu oyandikana nawo sangamvetse, ndipo iye ayenera kukhala nawo bwino. Kontaratu sanasaine.

Ndinati, "Inde, patarau. Zikomo, patarau." Mpaka lero ndimadzifunsa chimene ndinkathokoza.

Shiku sanagwire fodya masiku onse amene ndinatsala nawo. Tsiku lonyamuka anandinyamulira chikwama mpaka pabasi. "Machesi anali anga," anatero. "Ukanangonena kuti ndi anga."

"Ndiye tikanabwerera awiri, manu."

"Mwana wa apadiri," anatero, n'kutembenuka msanga.

A Tome anandipatsa kabotolo kawo ka ufa. Anafuna kunena kanthu m'chinenero chathu, koma mawu awo atatu aja panalibe loyenera. Anangondigwira paphewa.

Kwathu ndinapeza nyumba ya amayi ili ndi malata, ndipo tchire lonse la kumunsi kwa mudzi, kumene tinkasaka agwape, lasanduka minda ya mbatatesi. Amayi sanandifunse zambiri, anangondigwira manja n'kuyang'ana zipsera za moto uja. Mlongo wanga anamaliza chaka chimenecho, chotsatira sanabwerere ku Ulongwe. Tsopano amagulitsa tomato ndi anyezi ku Kalomwe, ali ndi mwana kumsana. Sanandinenepo mawu oipa. Koma tsiku lina ndinapeza makope ake atawamanga bwinobwino ndi luzi n'kuwaika m'mwamba kudenga, ndipo ndinatuluka m'nyumba osadya.

Chaka chitatha Shiku ananditumizira chithunzi pa telefoni. Dotolo uja atagwada, akumwetulira, atagwira nyanga za Mdala. Kumwamba kuli kowala bwino, udzu watsopano wobiriwira pa lupsa. Analemba kuti anamuwenda masiku atatu, mwachilungamo, a Tome ali pambali. Ndinawaonetsa amalume, amene tsopano amayenda ndi ndodo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, atachitalikitsa ndi maso.

"Ndiye nyama iyi inakutsamira paphewa?"

"Inde, amalume."

"Ndi zinzake zodzaza khwawa?"

"Inde."

"Moto unayatsa wekha, utsi unatseka mphuno, zinabwera zokha. Unaphapo zingati?"

"Ngakhale imodzi."

"Ndiye anakumangiranji?"

"Chifukwa cha motowo."

Anagwedeza mutu, anabweza telefoni. "Dziko limenelo ndi la amisala. Iwenso unayamba kufanana nawo."

Mwezi womwewo anandiitana kuti tikatenthe kadambo kamene katsala kuseri kwa minda. Agwape kulibenso, amangofuna mbewa. Anawerama movutikira, anatapa kafumbi, anakasiya kagwe. Anandilozera poyatsa, nandipatsa bokosi la machesi. Ndinagwada pa udzu, ndinatulutsa kamtengo. Ndinapezeka kuti ndadzutsa mutu, ndikuyang'ana uku ndi uku m'mitambo, makutu ali tcheru kumvetsera helikopita.

"Ukufuna chiyani kumwambako?" amalume anafunsa. "Mvula idakali kutali. Yatsa, mphepo itembenuka."

Ndinayesa. Kamtengo kanathyoka. Ndinatenga kena, nakonso kanathyoka. Amalume anandiyang'ana, anayang'ana manja anga, ndipo sanaseke. Anatsamira ndodo, anagwada pambali panga pang'onopang'ono, mawondo akulira, natenga bokosilo m'manja mwanga.

"Pita ukaime kumphepo," anatero. "Utsi usakupeze."